Anandimva Mpaka ku Geti

Kabwata, Lachisanu pa 16 Ogasiti

Zelipa mwana wanga,

Amene analipo lero pabwalo pathu pano kudzakutsanzika ndi awa: amako, mkulu wako Misozi ndi amuna ake, amalume ako a Gideoni, makolo a ba Mwansa amene akukukwatira mawa, a kwaya ya kwathu, ndi anansi. Mipando tinabwereka makumi anayi, yonse inadzaza, ena anaima kunja kwa mpanda.

Ndikulemba chifukwa mawa sitipeza mpata. Kutchalitchi kukhala phokoso, ku holo ya ku Woodlands kukhala phokoso loposa, ndipo Lamulungu udzadzuka uli kale ku Chelstone kunyumba kwako. Za banja anakuuza kale alangizi ako, ine sindiwonjezerapo. Chimene ndikudziwa ine ndi matabwa, ndi masipika awiri aja a pabalaza. Masipikawo upita nawo, pamodzi ndi ampu yatsopano yowaimbitsa. Ndikufuna udziwe mmene ndinaipezera ampuyo, ndi chifukwa chake sindinkakhazikika masana aja pamene unandifunsa ngati ndadwala. Sindinadwale. Ndinkaopa kuti anthu sandimvanso, monga sanandimve pa ukwati wa Misozi.

Ukudziwa kuti mawu anga ndi ochepa. Ndinabadwa choncho. Ku fakitale ya mipando ku Heavy Industrial Area, kumene ndinagwira ukalipentala mpaka kupuma, anzanga ankazimitsa makina kuti amve ngati ndikuti inde kapena ayi. Munthu wotere, akakhala ndi ana aakazi awiri, amakhala ndi masiku awiri okha m'moyo mwake oti aimirire pamaso pa anthu n'kulankhula. Tsiku loyamba ndinalitaya. Lachiwiri linali lero.

Masipikawo ndi akulu kuposa iwe. Ndinawagula ku Kabulonga chaka chimene Misozi anabadwa, kwa banja lina limene linkasamuka n'kumagulitsa katundu pageti. Mabokosi ake anali atafufuma ndi madzi, koma zam'kati zinali zamoyo. Ndinayeza mabokosi akalewo mbali zonse, ndinapempha zidutswa za mukwa kwa abwana, ndinapanga atsopano ofanana ndendende. Kumbuyo kwa bokosi lakale kunali kachitsulo kolembedwa manambala awiri: 8 omu, 60 wati. Ndinakachotsa n'kukakhomera pa bokosi latsopano chifukwa kankanyezimira. Tanthauzo lake sindinalifunse. Zonse zimene zinandivuta pambuyo pake zinali zolembedwa pa kachitsulo kameneko. Uziwerenga kumbuyo, Zelipa.

Kulakwa kwanga koyamba kunachitikira ku Kamwala. Ampu imene ndinagula pamodzi ndi masipikawo itakalamba n'kufa, ndinapita kukafuna ina. M'sitolo ina munali katoni yolembedwa 3000 wati ndi zilembo zofiira zazikulu ngati dzanja langa, mtengo wake wotsika. Mnyamata wogulitsa anaona kuti maso anga akakamira pamenepo.

"Ba mudala, iyi ni fili sauzande," anatero. "Mukayatsa ku Kabwata, ku Chilenje bazavina."

Ndinainyamula ndi dzanja limodzi, mtima uli m'mwamba. Masiku wamba inkaimba bwino, chifukwa tinkaimvera pansipansi. Pa Khirisimasi kunabwera alendo, ndinakweza. Mawu anayamba kukhadzula ngati sowo yakumana ndi msomali. M'malo motsitsa, ine ndinakwezanso, ndimati mwina ayera. Kenako kunamveka fungo la pulasitiki wopsa, ndipo sipika ya kumanzere inasiya kutulutsa mawu opyapyala. Azimayi a kwaya ya pa kaseti anakhala ngati akuimbira m'bulangeti.

Apa ndi pamene ndinadziwana ndi ba Chanda, amene amakonza mawailesi ku Emmasdale. Iwe sunawaonepo. Ndi munthu wa ku Luapula, wamfupi, magalasi ake amamangira ndi waya. Anatsegula ampuyo n'kundiitana kuti ndisuzumire. M'kati munali kabolodi kang'onong'ono pakona, kwina konse mphepo.

"Ba Mbewe, umu mungasungilemo mazila," anatero. "Iyi fili sauzande ili pa katoni chabe."

Anandiphunzitsa kuti nambala yeniyeni ndi imene imatsatana ndi zilembo zitatu, RMS, ndipo imalembedwa kumbuyo ndi tizilembo ting'onoting'ono. Imeneyo ndiyo mphamvu imene ampu ingapereke tsiku lonse osatopa. Yanga ija, mwa kuyeza kwawo, sinkafika ngakhale 15. Ampu yaing'ono ukaikakamiza imatumiza mawu ophwanyika, ndipo mawu ophwanyikawo ndi amene amawotcha kasipika kakang'ono ka pamwamba, kamene amakatcha twita. Anandipezera twita ina movutikira, n'kundichenjeza kuti za mtundu umenewo zatha m'tauni. Ndiye kumbukira: ukamva mawu ayamba kukhadzula, tsitsa. Sayera ndi kukweza.

Kulakwa kwanga kwachiwiri ndi kumene kunandipweteka, ndipo iwe unaliko, koma unali wotanganidwa ndi kuperekera alendo zakumwa. Nthawi imeneyo ndinali ndi ampu yabwino ndithu, yakale koma yoona, imene ba Chanda anandigulitsa. Ukwati wa Misozi tinachitira pabwalo lomweli. Usiku woti mawa lake ndi ukwati, mantha anandigwira kuti masipika awiri sakwanira. Mnansi wina amene ankayendetsa minibasi anandibwereka awiri a m'galimoto. Ndinapota mawaya awo pamodzi ndi a athu n'kuwalowetsa m'mabowo omwewo a ampu. Kumbuyo kwawo kunalembedwa 4 omu. Sindinawerenge. Omu, mmene ndinadzamvera pambuyo pake, ili ngati kuchepa kwa khomo: nambala ikatsika, khomo latseguka kwambiri ndipo sipika ikukoka mphamvu yambiri. Ukaphatikiza masipika pa waya mmodzi nambalayo imatsikiratsikira, ampu n'kumasenza katundu wa anthu atatu. Tsono amako, pofuna kuti pakhale pokongola, anayala kansalu kawo koluka pamwamba pa ampuyo, n'kuikapo maluwa. Timabowo topumira tonse tinatsekeka.

Inaimba m'mawa wonse. Itakwana nthawi ya bambo wa mkwatibwi, ndinaimirira, ndinagwira maiki, ndinati, "Abale." Basi. Kunamveka phu, kautsi kanatuluka pansi pa maluwa. Ndinayesa kupitiriza ndi pakamwa pokha. A kumbuyo anayamba kufuula kuti, "Kwezani mawu, ba tata!" Ndinakweza mpaka pakhosi panawawa, koma a mzere wachitatu anali atayamba kale nkhani zawo. Amalume ako a Gideoni anaimirira, anandigwira paphewa.

"Alamu, khalani pansi, ndikulankhulireni."

Ukuwadziwa amalume ako. Iwo safuna maiki. Analankhula za ulendo wawo wa ku Joni, za mtengo wa feteleza, ndi za mmene anamulerera Misozi pa maholide awiri. Anthu anawomba m'manja. Madzulo ake Misozi, ali m'diresi lake loyera, anabwera pamene ndinakhala n'kundifunsa kuti, "Atate, mumafuna kunena chiyani?" Ndinati, "Palibe, mwana wanga, amalume ako anena zonse." Zinalipo. Ndinazisunga m'mutu zaka zisanu ndi ziwiri, ndipo masipika anangokhala pabalaza ngati matebulo a maluwa.

Choncho mu Epulo, a kwa ba Mwansa atatchula tsiku la ukwati wako, ndinayamba kupatula pang'onopang'ono pa ndalama za mabenchi ndi zitseko zimene ndimapanga kuseri kwa nyumba. Pofika kumapeto kwa Julaye zinakwana K1,500. Ndinadziuza kuti ampu ya ndalama imeneyi ndiipeza, ndipo ulendo uno sindigula katoni.

Mkamwini wanga ba Mwansa atamva, anabwera mwaulemu, chipewa chili m'manja. "Ba tata, musavutike. Mnzanga ali na ampu ya ku bala, faivi handiredi mbali imozi. Nizabwela nayo, ni yaulele." Ndi mwana wamtima wabwino, ndipo ndinamuthokoza kawiri. Koma ndinakana. Ampu yoposa sipika pang'ono ndi yabwino, chifukwa imagwira ntchito osapuma wefuwefu. Koma 500 pa sipika ya 60 ndi kumanga ng'ombe pa wilibala. Mwana mmodzi akapotokola kabatani, pepala la sipika lang'ambika. Ndiponso chobwereka chimabwerera Lolemba, pamene ine ndinkafuna chinthu choti chipite nawe. Ukamuuze bwinobwino mwamuna wako kuti sindinamunyoze.

Lachiwiri pa 6 Ogasiti ndinachita chimene ndikanachita kalekale. Ndinakulunga sipika ya kumanzere m'chitenje cha amako, ndinaisenza mpaka pa siteji ya basi, ulendo wa kwa ba Chanda. Nsapato sugula osayesa phazi. Kondakitala anaiyang'ana, anandiyang'ana.

"Ba mudala, uyu mwana wanu alipila mpando."

"Alipira," ndinatero.

"Mwati chani?"

Ndinangomuonetsa ndalama. Sipika inakhala pawindo, ine pambali pake. Mayi wina amene anakhala kumbuyo anaona bokosi la matabwa lokutidwa ndi chitenje, anayamba kundipepesa ndi nkhope yachisoni. Nditavundukula pang'ono anaseka mpaka kugwira mpando. "Ba tata, mwatiyofya! Manje muyatse timveleko!" Basi yonse inalowerera, wina akuti ndiimbe ndine, wina akuti sipika ibwezeredwe chenji. Mabasi awiri popita, awiri pobwera, mpando wa sipika ndinalipira kanayi. Sindinadandaule ngakhale kamodzi.

Ba Chanda anandiikira maampu atatu pa benchi. Apa ndinatsala pang'ono kulakwa kachitatu. Chifukwa ya ku Kamwala ija inali yopepuka, ndinali nditadziikira lamulo loti ampu yabwino ndi yolemera. Ndinanyamula iliyonse ngati ndikuyesa nkhuku pamsika. Yapakati inali yopepuka ngati buledi, ndinaikankhira pambali. Ndinaloza yakumapeto, yakuda, yolemera ngati njerwa zinayi.

"Ba Mbewe, mugula ampu olo mumanga nyumba?" anatero ba Chanda. "Tembenuzani. Belengani kumbuyo."

Ndinavala magalasi. Yolemera ija: 30 wati. Titailumikiza inkang'ung'udza ngati firiji, ndipo mbali imodzi inali yofooka. Yopepuka: 70 wati RMS mbali iliyonse, pa 8 omu, ndi bowo la maiki kutsogolo. Anandifotokozera kuti za masiku ano amazipanga mwa njira ina, sizifuna chitsulo chachikulu m'kati, ndipo sizitentha kwambiri. Kupepuka si bodza, kulemera si umboni. Lamulo langa linali la dzana. Iwenso, Zelipa, zimene ndikukuuza m'kalata muno zina zidzakalamba. Chosakalamba ndi kutembenuza chinthu n'kuwerenga, ndi kufunsa amene akudziwa.

Tinailumikiza ku sipika yanga. Ndinaika nyimbo ya kwaya yathu imene ndimaidziwa mawu alionse, chifukwa nyimbo yachilendo siingakuuze ngati china chasowa. Azimayi oimba pamwamba anamveka onse, mpaka mayi uja amene amachedwa kulowa. Tinaisiya iimbe theka la ola. Ndinaikapo dzanja: yofunda ngati mphumi ya mwana wogona, osapitirira apo. Kenako ba Chanda anandipatsa maiki, anatuluka, anawoloka msewu n'kukaima pafupi ndi amene amagulitsa makala.

"Kambani monga mukamba kunyumba!" anakuwa. "Osakweza!"

Kabatani kanali pa theka. Ndinati, "Ba Chanda, mukundimva?" Anakweza dzanja. Wamakala nayenso anakweza dzanja.

Mtengo anati K1,900. Tinakambirana, anatsika kufika K1,850, ndipo ndinaona pankhope pawo kuti pansi pa apo palibe. Ndinayala ndalama zanga pa benchi, ndinayamba kukulunga sipika kuti ndizipita, ndikaganize. Iwo anali akudziwa nkhani ya ukwati wa Misozi, pakuti mtembo wa ampu ija ndinapita nawo kwa iwo omwewo.

"Tengani," anatero. "Ngati bakumvelani mpaka ku geti, mubwele mulipile yosala. Ngati sibamvela, mubweze ampu, naine nibweze ndalama yanu."

Za lero unaziona, koma unaziona uli pampando wa mkwatibwi, maso pansi monga anakulangizira. Ndikuuze mmene zinalili kumene ndinali ine. Mphepo ya Ogasiti inayamba m'mawa, fumbi likuzungulira pabwalo, ndipo mphepo imaba mawu. Masipika ndinawakweza pa matebulo, kuyang'ana ku geti, ine ndi maiki kumbuyo kwawo kuti asalire. Awiri okha. Amako anatulukira ndi kansalu koluka, katsopano, koyera. Ndinati, "Amake Misozi, ayi." Anaima, anandiyang'ana ngati aona mlendo, kenako anakayala kansaluko pa tebulo la keke. Amalume ako anafika atavala jekete, m'thumba mukuonekera mapepala.

"Alamu, mawu ndakonza kale. Inu mungoimirira, anthu akuoneni, basi."

Ndinati, "Zikomo, alamu." Kwaya inaimba nyimbo zitatu kudzera mu ampu. Pa nyimbo iliyonse ndinkapita kukaikapo dzanja. Apo ndi pamene unandifunsa ngati ndadwala.

Ataitana bambo wa mwana, ndinaimirira. Ndinati, "Abale ndi alendo." Mawuwo anapita, anakagunda mpanda, anabwerera kwa ine. Ndinacheuka kuti ndione amene walankhula. Anali mawu anga omwewa, ochepa omwewa, osasintha, koma anafika paliponse. Ana amene ankathamangitsana kuseri kwa mipando anaima. Amalume ako anali atadzuka theka, dzanja lili m'thumba la jekete. Anakhalanso pansi.

Ndikulemberanso zimene ndinanena, kuti ukhale nazo. Ndinayamba ndi mkulu wako. Ndinati: Misozi, unandifunsa tsiku lija ndipo ndinakuyankha kuti palibe. Ndinkafuna kunena kuti chitseko cha nyumba ino ndinapanga ndine, ndipo kwa mwana wanga sichitsekeka, usana kapena usiku, akabwera ndi chimwemwe kapena ndi misozi. Kenako ndinatembenukira kwa makolo a ba Mwansa. Ndinati: mwana amene tikukupatsaniyu anatengera ine. Mawu ake ndi ochepa. Akakhala chete musaganize kuti alibe chonena. Musendere pafupi, mudzamva. Ndinathera pomwepo, chifukwa zinali zokhazo.

Kenako kutsidya kwa msewu, mayi uja amene amagulitsa vitumbuwa pansi pa mtengo anakuwa kuti, "Tamvela, ba Mbewe! Tamvela bonse!" Nthungululu zinayambira kunja kwa mpanda n'kulowa m'kati. Misozi anadutsa pakati pa mipando ndi mwana kumsana n'kudzagwada pamapazi panga. Apongozi ako aakazi anabwera kudzandigwira dzanja ndi manja awo onse awiri. Pa nthawi ya chakudya amalume ako anandipeza, mapepala awo atawapinda kanayi.

"Alamu, mawu amenewa munkawabisa kuti zaka zonsezi?"

Ndinati, "Analipo, alamu. Ampu ndi imene panalibe."

Anaseka mpaka kutsamwa, ndipo anandiwonjezera nyama ya m'mbale mwawo. Mawa ku holo alankhula ndi iwo m'malo mwa banja, ndipo ndawauza kuti atenge nthawi yonse imene akufuna. Ine ndamaliza.

Tsopano masipikawo ndi ako. Kabatani kasapitirire theka, m'nyumba simufuna zoposa apo. Usanayatse, tsitsa kaye. Magetsi akathima, zimitsa pakhoma, chifukwa pobwera amabwera ndi ukali. Pamwamba pa ampu pasakhale kansalu, ngakhale amako akupatse khumi, ndipo ndikudziwa kuti akuikira kale m'sutikesi. Matabwawo uziwapukuta ndi kansalu ka mafuta pang'ono, osati madzi. Sipika ya kumanzere uziisamala koposa, twita yake ikapsanso ina kulibe.

Ku Chelstone anansi adzadziwa msanga kuti muli ndi zoimbira. Adzabwera kudzabwereka, lero za phwando la mkwatibwi, mawa za maliro. Za maliro sitikana, ukudziwa. Koma usapereke ngati ukupereka mpando. Upite nawo wekha kapena ba Mwansa, mukalumikize ndi manja anu. Padzapezeka munthu wamtima wabwino ndi masipika ena awiri m'manja, akuti tiwonjezere kuti amve a kumbuyo. Umuthokoze, ukane. Ukadzalephera kukana chifukwa mawu ako ndi ochepa, ukumbukire bambo ako ataima pabwalo ndi maiki yakufa m'manja. Uziwerenga kumbuyo, mwana wanga. Ndipo pa nyumba yako, chikakuvuta, usadikire zaka zisanu ndi ziwiri kuti unene.

Pita bwino, Zelipa. Chitseko ukuchidziwa.

Ndine atate ako.

Za ampu zili motere, kuti wina asadzakuuze zina. Mtengo K1,850. Ndinapereka K1,500 pa 6 Ogasiti. Pangano linali la ku geti, ndipo anandimva mpaka kutsidya kwa msewu, choncho ampu sibwerera. Ngongoleyi ndi yanga, iwe ndi ba Mwansa musaikhudze. Lolemba ndikwera basi ya ku Emmasdale, mpando umodzi wokha, ndikawauze ba Chanda ndi pakamwa panga. Yotsala kwa iwo ndi K350.